Paipi Imene Ndinakuphunzitsa ku Kabwata

Chelstone, Loweruka masana

Tika mwana wanga,

Iwe ndi amayi ako mwapita ku Kamwala kukagula bulangeti ndi ndowa ya kuhositelo, ndipo nyumba yangoti zii. Magetsi kulibe, monga mwa masiku onse. Ndakhala patebulo kuti ndikulembere kalata imene ndakhala ndikuikonza m'mutu kuyambira tsiku limene anakusankha kukaphunzira zauinjiniya ku Kitwe. Inayenera kukhala kalata yabwino, yoti ukaiwerenge mawa m'basi. Ndinakonza zokuuza za mabuku, za anzako, za anyamata, za kupemphera. Zonsezo zathawa. Ndikangogwira cholembera ndikuona chinthu chimodzi chokha: iwe utagwada pafupi ndi galimoto, petulo akutuluka m'mphuno.



Ndilembe zimene ndinaona Lachinayi, chifukwa iwe wayamba kale kuzikamba ngati nthabwala, ndipo ine sindikufuna kuti zisanduke nthabwala. Magetsi anapita m'mawa. Amayi ako anali atadzaza firiji ndi nkhuku za phwando lokutsanzika, ndipo ankaimba foni kuchokera kuntchito kuti ziwola. Jenseti yathu yoyatsira magetsi inalibe ngakhale dontho la petulo. Ine ndinali m'chipinda, ndikuchonga mapepala a ana a sukulu, ndipo ndinakuuza kuti ndikamaliza ndipita kukagula petulo. Sunadikire. Unadula chidutswa cha paipi yothirira maluwa, unatsegula thanki ya galimoto yathu yakaleyi, unaika chigubu pansi, n'kuyamwa.

Chinanditulutsa ndi kutsokomola kwako. Sikunali kwa munthu wotsamwa madzi ayi. Kunali kouma, kochokera pansi penipeni, ndipo pakati pake panali kamphindi kopanda phokoso lililonse, ukuyesa kukoka mpweya koma wosalowa. Maso anali psuu. Paipi inali itagwa pambali pa chigubu, ikutsanulabe petulo pasimenti, yokha, popanda woigwira. Mpweya utabwerera, mawu ako oyamba anali akuti, "Ba Dadi, nili che bwino. Osauza ba Mami."

Mwana wanga, iwe amene unakhoza sayansi kuposa ana onse amene ndawaphunzitsa. Ndinaima pamenepo ndikudzifunsa kuti nzeru yoopsa chotere waitenga kuti. Yankho silinachedwe kubwera.

Ndinakuphunzitsa ndine. Unali usanayambe sukulu, tikukhala m'mafulati a ku Kabwata, m'mwamba muja mmene madzi ankafika pampopi akafuna okha. Tinali ndi dilamu labuluu pakhonde, litakhazikidwa pamabuloko. Madzi akatsika, amayi ako ankawerama mpaka theka la thupi kulowa m'dilamumo, akutukula jagi, msana ukuwapweteka. Tsiku lina ndinati ndionetse kuti m'nyumba muno muli mphunzitsi wa sayansi. Ndinaviika paipi m'dilamu, mbali inayo ndinaiyamwa, n'kuitsitsira m'ndowa imene inali pansi. Madzi anakwera okha mpaka pamlomo wa dilamu, kenako n'kutsika, osaleka. Unalumpha ukuwomba m'manja. "Ba Dadi, manzi yakwela yeka! Chitani futi!" Ndinachitanso. Kenako unati uyese wekha. Madzi anakudzaza m'kamwa, unandilavulira pathalauzi, tonse tinaseka mpaka amayi ako anatuluka kudzaona chimene chachitika.

Madzulo amenewo ndinakukhazika pamwendo ndi kukuuza dzina la chinthucho: saifoni. Ndinakuuzanso kumene dzinali linachokera, ngakhale unali wamng'ono zedi moti sukanasunga, chifukwa ine ndikakondwa ndimalankhula zam'mabuku. Mawuwa ife tinawamvera kwa Angerezi, koma nawonso anachita kubwereka. Eni ake ndi Agiriki akale, ndipo anadzera m'Chilatini asanafike m'zilankhulo zina. Kwa eni akewo sanali mawu a m'kalasi. Ankangotanthauza paipi, kanthu kamphako kamene munthu ankakaviika mumtsuko waukulu wa vinyo kuti atunge osaupendeketsa, nsenga zitsale pansi. Kumene Agirikiwo anawatenga, mabuku amene ndinawerenga amati sizidziwika. Zinkandisangalatsa kuti mawu amene ana amawaopa pamayeso ndi paipi chabe, m'bale wake wa bango lija agogo ako aamuna a ku Kasama ankamwera mowa wa katubi atazungulira chipanda ndi anzawo. Ndakhala ndikuiuza kalasi iliyonse nkhani imeneyi, ndipo ana amaikonda.

Lachinayi lija, nditaima pasimenti yonunkha petulo, m'pamene ndinaona chimene ndakhala ndikuchisiya m'nkhaniyi zaka zonsezi. Vinyo, madzi, katubi. Anthu amene anapatsa paipi dzina limeneli ankakoka zinthu zoti zikakulowa m'kamwa umangomeza n'kumwetulira. Ine ndinakupatsa dzina, ndinakupatsa mbiri yake, ndinakufotokozera chifukwa chake ndowa iyenera kukhala pansi kuposa dilamu. Sindinakuuze kuti njira imeneyi ili ndi malire. Choipa kwambiri n'chakuti njira ina ndinkaidziwa. Umamiza paipi yonse m'madzi mpaka idzaze, n'kutseka mbali imodzi ndi chala chachikulu, n'kuitsitsira m'ndowa, n'kuchotsa chala. Pakamwa sipagwira ntchito. M'kalasi ndimaonetsa imeneyo. Kunyumba ndinasankha yoyamwa chifukwa inkakuseketsa.

Ndiye imva tsopano theka limene ndinakumana. Chilichonse chimene sungathire m'kapu n'kumwa, usachikoke ndi pakamwa. Kumene ukupitako mudzakhala ndi mapaipi a mitundu yonse, a galasi, a labala, ena opyapyala ngati udzu, ndipo mudzasamutsa mafuta, asidi ndi zina zimene ine sindizidziwa n'komwe. Tsiku lina kopopera kadzakhala katasowa kapena katang'ambika, nthawi idzakhala itatha, ndipo mnzako wina adzati, tiye tingoyamwa, sichedwa. Ukane. Useke nawo ngati ukufuna, koma ukane. Petulo ndi wopepuka kuposa madzi, amathamanga m'paipi msanga kuposa mmene pakamwa pamayembekezera, ndipo sasankha njira ya kumimba. Wazionera wekha. Ukundimva, Tika?

Ulendo wa ku Woodlands uja sindikudziwa ngati umaukumbukira. Unali mwina mu giredi sikisi. Inali nthawi imene petulo ankasowa m'tauni, mizere ya magalimoto ikufika kutali, ndipo ife tinkapita kuukwati wa msuweni wa amayi ako. Galimoto inatithera mafuta tili pafupi kufika. Amalume ako ba Mwansa, mchimwene wa amayi ako, anatipeza pamsewu ndi galimoto yawo ya kuntchito. Anatsika atavala suti, duwa lili pachifuwa, akuseka asanafike n'komwe.

"Shani ba Pulofesa! Mabuku yakana kukankha motoka?"

Anatsegula buti, anatulutsa paipi yakuda ndi mafuta imene ankayenda nayo nthawi zonse. Anapinda tayi n'kuilowetsa m'malaya, anagwada pa nyuzipepala, analowetsa paipi m'thanki ya galimoto yawo, anayamwa, analavula pambali, petulo n'kuyamba kuthira m'chigubu. Anapukuta pakamwa ndi mpango woyera wa m'thumba la suti.

Ine ndinati, "Alamu, zimenezo n'zoopsa."

"Mwakamba chani?"

"Ndimati... mwina pali njira ina."

"Njila ina ni kuyenda na mendo, mulamu. Iyi ni mankhwala, ipaya na njoka za mumala. Onani mwamene nilili na mphamvu!" Anadzimenya pamimba. Anthu amene anaima kudzaonerera anaseka. Amayi ako anaseka. Inenso ndinaseka, Tika. Ndinaseka chifukwa munthuyo anali atatithandiza, chifukwa ndi wamkulu kwa ine, chifukwa anali ndi galimoto ya kuntchito pamene yanga inali itafa pamsewu. Nditatembenuka ndinakuona utatulutsa mutu pawindo lakumbuyo, diresi lako laphwando lili mbuu, maso ali pa paipi ija. Unaona bambo ako akuchenjeza ndi mawu a munthu wopempha mchere, kenako n'kuseka. Mwana aphunzirepo chiyani pamenepo? Kuti madzi ndi petulo n'chimodzimodzi, ndipo kuti woopa ndi Pulofesa yekha.

Amalume ako ndimawakonda, ndipo sindikuwaimba mlandu. Iwo anachita zimene anaziona kwa anzawo ku magalaja a ku Heavy Industrial Area, kumene ambiri amachita zomwezo mpaka lero, ena n'kukalamba bwinobwino. Koma ine ndinkadziwa chimene chimachitikira amene sakalambawo. Ukadziwa chinthu, mwana wanga, chinene ndi mawu oti munthu amve. Akakufunsa kuti wati chiyani, ubwereze zomwezo, usazichepetse. Ulemu ndi wabwino, tinakulera nawo, ndipo ndimanyadira anthu akamati mwana wa aphunzitsi ndi waulemu. Koma pali ulemu wina umene ndi mantha chabe. Umenewo usatengere kwa ine.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinaphunzirapo tsiku limenelo. Lachinayi landionetsa kuti ayi. Iwe mwina sukukumbukira bwino zimene zinachitika utangoyamba kupuma, chifukwa unali ukulira misozi ya petulo. Bana Chanda, mayi aja aneba athu, anamva phokoso n'kulowa pageti akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Mayo! Mwana wamwa petulo! Letani mukaka! Afunika aluke, vichoke vonse!"

Sanadikire kuti wina abweretse. Anabwerera kwawo n'kubwera ndi paketi ya mkaka, anaing'amba ndi mano, anakugwira kumutu ngati khanda. Tika, ine ndimadziwa kuti munthu amene wamwa petulo kapena palafini samusanzitsa. Zinthu zimenezi zikakhala m'mimba n'zoipa, koma zikamabwerera pakhosi zimapeza mpata wachiwiri wolowera m'mapapo, ndipo m'mapapomo ndi mmene zimapha. Zili pakhoma la labu yanga, ndinazilemba ndi dzanja langa lomwe lino. Ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti, "Mwina tisamusanzitse."

Mwina. Mawu amenewo ndi amene anatuluka.

"Ba Ticha, imwe mwaimilila chabe? Gwilani mwana! Ine nalela bana, niziba."

Ndipo ndinakugwira. Ndinagwira mapewa ako pamene mayi uja ankakuuza kuti ulowetse chala kukhosi. M'mutu mwanga munali mawu akuti, kodi ndikukumbukira bwino? Kapena zija n'za asidi? Mayiyu walera ana, ine ndine yani? Unasanza, unatsamwanso, unatsokomola kuposa poyamba. Apo m'pamene ndinakuwa kuti basi, ndi mawu amene ngakhale ine sindinawadziwe kuti ndili nawo. Bana Chanda anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. Koma zinali zitachitika kale.

Mayi uja usamusungire chakukhosi. Anathamanga opanda nsapato chifukwa amakukonda, ndipo mkaka umenewo unali wa tiyi wa zidzukulu zawo. Anachita zimene aliyense pamzere wathu uno akanachita. Pabwalo ponse panali munthu mmodzi yekha wodziwa kuti n'kulakwa, ndipo munthuyo anati mwina. Usiku uliwonse kuyambira pamenepo... ayi, ndisanene za usiku. Ndingoti sindinayambe ndadzidabwapo chotere. Ndinkadziwa kuti ndine wofatsa. Sindinkadziwa kuti kufatsa kwanga kungagwire mwana wanga mapewa.

Kukiliniki anakumvetsera m'chifuwa, anatisunga mpaka dzuwa litapendeka, n'kutilola kubwerera. Makina ojambulira chifuwa sankagwira chifukwa cha magetsi omwewa. Iwe unamva mawu amodzi okha, akuti pakali pano m'chifuwa mukumveka bwino, ndipo unatuluka ukumwetulira. Ine ndinamva ndi otsatira ake. Dokotala uja anandiyang'ana n'kunena kuti petulo amachedwa kudzionetsa, ndipo ukayamba kutsokomola kosaleka, kutentha thupi kapena kubanika, tisabwererenso kwa iwo, tipite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. M'galimoto unati, "Mwaona ba Dadi? Niyenda pa Sande. Nikachedwa bazatenga malo yonse mu hositelo, nizagona kuti?" Ine ndinangoti tiona.

Nkhani ya chaka changa choyamba ku yunivesite umaidziwa, chifukwa amayi ako amaikamba akafuna kundiseka pamaso pa alendo. Koma iwo amaikamba mwachidule. Ndinafika kuno ku Lusaka kuchokera ku Katete mochedwa, malo ogona atatha. Mnyamata wina wa ku Mongu, Mubita, anandimvera chisoni n'kundilola kuyala mphasa pansi m'chipinda chake, zija ana a yunivesite amati kusikwata. Itafika nyengo yozizira ndinayamba kutsokomola. Ndinaopa kuti ndikamamusokoneza tulo andithamangitsa, ndiye chifuwa chikandigwira ndinkatuluka kukatsokomolera kubafa, nditatsegula mpopi kuti anthu asamve. Akandifunsa ndinkati ndi fumbi la m'laibulale. Ndinkaopanso kuti ndikapita kuchipatala andigoneka, ndiphonye mayeso. Ndinapirira mpaka tsiku limene ndinagwa pamasitepe, buku lili m'manja. Mubita anandinyamula kumsana ngati thumba la makala. Nditatsitsimuka anali pambali pa bedi, atakwiya moti sanathe kulankhula Chinyanja, ankangondikalipira m'Chilozi. Pomaliza anati, "Iwe Phiri, unafuna nikupeze wafa pansi pa bedi yanga? Nikanakamba chani kuli batate bako?" Mayeso amene ndinkawateteza aja ndinawaphonya onse, ndinabwereza chaka.

Amayi ako amathera pamenepo, anthu n'kuseka. Ine ndikufuna utolepo china. Kugona pansi sikunandiphe. Ndinagona pamphasa chaka chathunthu, ndipo Mubita ndi mnzanga mpaka lero, ndiye anandiperekeza kukapempha amayi ako. Chimene chinatsala pang'ono kundipha ndi kubisa. Ukadwala, nena. Ukafika kumene ukupita, usanafunse kumene amagulitsa chakudya, funsa kumene kuli kiliniki, upite ukaone khomo lake. Amene udzagone naye chipinda chimodzi umupatse nambala ya amayi ako ndi yanga tsiku loyamba lomwelo, ndipo umuuze kuti akadzakuona sukudzuka aimbe, ngakhale iwe utakana. Munthu wodwala savutitsa anzake ponena. Amawavutitsa pogwa pamasitepe. Ukadwala, nena, Tika. Ndikubwereza dala.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhazika patebulo pano m'malo mopita nanu ku Kamwala. Dzulo m'mawa unalowa kubafa n'kutsegula mpopi mwamphamvu, ndipo madzi ankangogwera pansi, osati pathupi pa munthu. Phokoso limenelo ndimalidziwa. Ndinaima m'khonde ndikumva ukutsokomola kuseri kwa madziwo. Pa phwando lako dzulo unkaseka ndi aliyense, koma nkhuku imene unaipulumutsayo sunailawe. Anzako a kutchalitchi atayamba kuimba unangoyendetsa milomo. Lero m'mawa, dzuwa likuwotcha chonchi, mwezi uno umene ngakhale agalu sachoka pamthunzi, iwe watuluka utavala juzi. Amayi ako atafunsa unati ukufuna kuona ngati ikukukwanabe. Pokweza mtsuko wa maluwa pakhonde unaima pakati, dzanja lili m'nthiti, kenako unaona kuti ndikukuyang'ana n'kuyamba kuimba kanyimbo.

Amayi ako akuti ndi pakhosi chabe pamene papsa, pachira. Iwo sanalipo Lachinayi, ndipo ine powafotokozera ndinachepetsa, monga mwa chizolowezi changa, kuti asadandaule. Ndinakulolani kutuluka pageti m'mawa uno ndisananene kanthu. Ndinakuimikirani dzanja. Kenako ndinalowa m'nyumba, ndinatenga pepala, n'kuyamba kulemba kalata yoti ukawerenge m'basi, basi ili kale ku Kabwe, kumene sungandiyankhe. Ukuona mmene bambo ako alili? Ndimafuna ndikuuze kuti ukadwala uzinena, ndikuuze papepala, iwe uli kutali, chifuwa chili momwemo.

Ndaika cholembera pansi kangapo. Ndayenda mpaka pageti ndi kubwerera. Pasimenti paja pakadali banga, ndipo dzuwa likaomba pamanunkhabe. Ndadzifunsa mafunso onse amene ndimadzifunsa nthawi zonse. Bwanji ngati ndi pakhosi chabe, monga akunenera amayi ako? Bwanji ngati ndikukuveka matenda anga akale? Ukhoza kutaya malo m'hositelo chifukwa cha mantha a nkhalamba, n'kukagona pansi m'chipinda cha munthu wosamudziwa, kapena m'nyumba zolipira zija zakutali ndi sukulu zimene umaziopa, ndipo tsiku lililonse podzuka uzikumbukira amene anakuchititsa. Wagwira ntchito zaka zambiri kuti ufike pa Sande ya mawayi. Ine ndakhala ndikuinyadira kuposa iwe, ndauza ngakhale anthu a m'minibasi. Sindine dokotala. Mwina ndikulakwa.

Taona, mawu aja abweranso. Mwina. Ndawayang'ana papepala pano ndipo ndachita nawo manyazi. Inde, n'kutheka kuti ndikulakwa. Ndikalakwa, utaya bedi. Ndikakhala kuti sindikulakwa, n'kukhala chete, udzakhala m'basi yotseka mawindo ulendo wonse wa ku Kitwe, kenako pamzere wolembetsa padzuwa, pakati pa anthu amene sakudziwa ngakhale dzina lako, ndipo ukadzawauza kuti uli che bwino adzakukhulupirira. Zinthu ziwirizi sizilemera mofanana. Sizifuna digiri kuti munthu aone zimenezi. Zimangofuna kuti atsegule pakamwa.

Ndangomaliza kulankhula ndi amayi ako pafoni. Ndawauza zonse, za mkaka, za kusanza, za mpopi wa kubafa, ndi mawu a dokotala monga anawanenera, osachotsapo. Ndinkamva phokoso la Kamwala kumbuyo kwawo, mawilibala ndi anyamata oitanira malonda. Kenako anati, "Bashi Tika, ndipo mukuniuza manje? Kuseni munali kuti?" Anatsitsa mawu n'kundiuza kuti wakhala pansi kawiri pamakhonde a mashopu, ukunamizira nsapato kuti zikukuluma, ndipo pamene ankalankhula nane unali utatsamira mulu wa mabulangeti, maso otseka, milomo itauma. Anati ndidikire akugwire pamphumi, foni ili kukhutu. Anangoti, "Tatenga takisi. Lizani motoka."

Ndiye kalata iyi sukaiwerengera m'basi. Mawa sukwera. Ndanena ine, bambo ako, ndipo sindikufunsa maganizo ako. Tikupita kuchipatala chachikulu lero lomwe, akakujambule chifuwa, ndipo akati ugone, ugona. Ku Kitwe udzapita dokotala akadzanena, ndipo ndidzakuperekeza ndekha. Ngati malo adzakhale atatha, ndidzagogoda chitseko chilichonse cha maofesi awo, ine amene ndimaopa kubweza ngakhale buledi wouma kushopu. Zikadzakanika udzayala mphasa monga ndinachitira ine, ndipo udzapeza mnzako wa moyo wonse kapena sudzamupeza, koma udzakhala ukupuma.

Ndikudziwa kuti ukwiya. Udzati ndakuchititsa manyazi kwa anzako amene mwagwirizana kukwera basi imodzi. Udzakhala kumpando wakumbuyo osandiyankhula, ukuyang'ana pawindo. Kwiya, mwana wanga. Kwiya mokweza, unene zonse, undiuze kuti ndine nkhalamba yamantha. Ndidzamvetsera mawu aliwonse, chifukwa ndikufuna kumva ngati ukutha kumaliza chiganizo osaima pakati kuti upume. Pepalali ndikupatsa tikakhala pabenchi yodikirira, popeza zambiri mwa izi pakamwa panga sipangazithe, ndipo pamenepo sudzakhala ndi kothawira.

Malangizo ena aja, a mabuku ndi anyamata, ndidzakulembera ukachira. Sakuthawa.

Takisi yaima pageti, ndikumva amayi ako akuuza dalaivala kuti katundu angomusiya pakhonde. Iwe sindikukumva. Usavule nsapato, Tika. Ndikubwera ndi makiyi.

Bambo ako